Ndigule ndodo ndi reel yanji ku Joni yoti ndikawedzere ku Senga Bay?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Joni koma kwathu ndi ku Salima, kufupi ndi Senga Bay. Disembala ndikupita kumudzi pa basi ndipo ndikufuna ndigule combo ya ndodo ndi reel yoti ndizikawedzera kunyanja, pena pagombe pena pa bwato la amalume. Ndinakula ndikuwedza ndi bango ndi twaini basi, za ma reel sindizidziwa. Ndasunga R1,500. Mu shopu wina akuti nditenge ya 12ft, wina akuti baitcaster, mutu wanga wangozungulira. Ndikufuna yoti izigwira chilichonse, chambo, kampango, mcheni. Nditenge iti?

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi kukuuzani yoti mutenge, zifukwa zibwere pambuyo, kuti olo mutope kuwerenga panjira mukhale mutamva chachikulu. Tengani ndodo ya spinning ya 7ft, amene ndi mamita 2.1, yolumikiza pawiri, yolembedwa Medium kapena Medium Heavy, yoponya zolemera magalamu 10 mpaka 30 kapena 40. Muikepo reel, chija chopukusa chokulungira twaini, ya mtundu wa spinning imene imakhala pansi pa ndodo, ya saizi 4000, ndipo twaini ikhale nayiloni ya 0.30mm yogula padera, osati imene yabwera kale pa reel. Ya 12ft ija isiyeni, baitcaster, reel ija yokhala pamwamba pa ndodo, isiyeninso. Ndipo pa ndalama mwasungazo gawo lalikulu lipite ku reel, osati ku ndodo.

Anyamata a mu shopuwo sikuti akukunamizani ayi, akukugulitsani za madzi awo. Anthu ambiri a ku Gauteng amawedza nsomba yotchedwa carp pa Vaal Dam, pa Hartbeespoort, pa Roodeplaat, ndipo kumeneko munthu amaumba chimbamu cholemera cha nyambo ya chimanga nkuchiponya kutali kwambiri, kenako amakhazika ndodo pa zoimikira nkukhala pa mpando kumadikira, nde ndodo yaitali ya 12ft ndi yoyeneradi ntchito imeneyo. Ena ndi owedza bass, amenewo ndiwo okonda baitcaster. Inu mukupita kunyanja kumene carp mulibe, ndipo nthawi zina mukhala mu bwato lopapatiza. Ndodo ya 12ft ndi mamita 3.6, olo yolumikiza pawiri chigawo chilichonse ndi mamita 1.8, pa basi ndi mavuto okhaokha, ndipo mu bwato nsomba ikafika pambali panu simungaifikire ndi dzanja chifukwa nsonga ya ndodo ili kutali, mukamayesa kuibweretsa pafupi mumaimika ndodo chiriri ndipo ndi pamene imathyokera.

Baitcaster vuto lake ndi lina. Poponya, spool yake, pamene pamakulungidwa twaini, imazungulira yokha ndipo mumayenera kuiletsa ndi chala chachikulu pa nthawi yake yeniyeni, mukachedwa pang'ono spool imathamanga kuposa mmene twaini ikutulukira ndipo yonse imapiringizana mkatimo, mumatha theka la ola mukumasula anzanu akuwedza. Poponya moyang'anana ndi mphepo zimanyanya, ndipo kunyanja mphepo siisowa. Nyambo yopepuka, monga nyongolotsi ndi kachoyandama, baitcaster siiponya bwino, makamaka zotchipazi. Ndi chida chabwino m'manja mwa munthu amene anachizolowera, koma sichoyambira. Pa reel ya spinning spool imangokhala chete, twaini imavuka yokha mukatsegula kawaya kake kaja kotchedwa bail, nde tsiku limodzi lokha munthu amakhala ataidziwa.

Tsopano za "chilichonse" mwanenazo. Za chambo ndikuuzeni zoona zake lero lomwe kuti musakaimbe mlandu ndodo: chambo chenicheni cha m'nyanja sichikonda mbedza. Chimadya ndere ndi tinthu ting'onoting'ono toyandama m'madzi, nchifukwa chake chimene mumachiona pa msika pafupifupi chonse ndi cha ukonde. Pena chimakodwa inde, koma palibe combo imene ingakulonjezeni chambo. Zimene zimadya mbedza bwino ndi abale ake, makumba ndi chilunguni, m'mbali mwa bango ndi m'malo a udzu wa m'madzi, pa nyongolotsi kapena kambamu ka nsima yosakaniza ndi madeya, mbedza yaing'ono namba 8 kapena 10. Ntchito imeneyo bango lanu lija limaigwira kale bwinobwino, reel ingokuthandizani kufika patali pang'ono.

Kumene combo imeneyi imaonetsa phindu lake ndi pa nsomba zodya nsomba zinzake. Mcheni amathamangitsa usipa ndi utaka pa madzi oyera, nde kasupuni konyezimira kapena spinner, nyambo ya chitsulo yozungulira m'madzi, mukakaponya nkumakakoka, kapena kumakakoka kumbuyo kwa bwato amalume akupalasa pang'onopang'ono, amakagwira mwaukali. Sungwa amabisala m'mabango ndi pa mathiriro a mitsinje, nayenso spinner amaikonda. Kampango ndi wa pansi, pa miyala ndi pa mchenga wakuya, amadya kwambiri kukada ndi m'mbandakucha, pa usipa watsopano kapena chidutswa cha nsomba, ndipo wamkulu amatha kupitirira makilo 5. Mlamba sumasankha, nyongolotsi, chiwindi cha nkhuku, usipa, zonse umadya. Mpasa ndi sanjika amakwera mitsinje monga Linthipe ndi Bua. Mukaziika pamodzi nsomba zimenezi muona kuti zambiri zili pakati pa theka la kilo ndi makilo atatu kapena anayi, ina yaikulu imabwera mwa apo ndi apo, ndipo zimene mukuponya zikulemera pakati pa magalamu 10 ndi 40. Apa ndi pamene pachokera manambala ndatchula aja, sindinangowalota.

Pa ndodo iliyonse yabwino, pamwamba pang'ono pa chogwirira, pamakhala polembedwa zinthu zitatu kapena zinayi: utali, mphamvu yake, kulemera kwa zoponya, ndi twaini yoyenera. Werengani pamenepo, osati pa bokosi kapena pa mtundu wa penti. Mukapeza ndodo yosalembedwa kalikonse ibwezeni pomwe inali. Light ndi yofewa kwambiri pa kampango, Heavy ndi chimtengo choti kasupuni ka magalamu 12 simungakaponye nako patali ndipo makumba akamadya simumva. Pakati pa Medium ndi Medium Heavy, ngati mtima wanu uli kwambiri pa kampango ndi mlamba tengani Medium Heavy, ngati uli pa mcheni ndi sungwa tengani Medium. Ine kwa munthu wa ndodo imodzi amene azikwera bwato ndimakonda Medium Heavy, chifukwa kukweza nsomba kuchokera pakuya kumafuna ndodo ya msana. Utali wa 7ft ndi wapakati, pagombe umaponya mokwanira ndipo mu bwato susautsa. Mukapeza ya 6ft 6 kapena ya 7ft 6 pa mtengo wabwino palibe cholakwika, koma musapitirire 8ft.

Chinthu chimene ndodo yapangidwira nachonso ndi nkhani. Ya graphite, ena amalemba carbon, ndi yopepuka ndipo nsomba ikangokhudza nyambo mumamva m'dzanja, koma siipirira kugundidwa: ikamenyetseka pa mwala kapena pa mphepete mwa bwato imachita kamng'alu kosaoneka, nkudzathyoka tsiku lina pa nsomba yaing'ono inu nkumadabwa. Ya fibreglass ndi yolemerako, yogontha pang'ono, koma imapirira nkhanza zedi. Pali zosakaniza ziwirizi, monga Ugly Stik GX2 imene imadziwika ndi kulimba, ndipo kwa inu zosakanizazi kapena fibreglass yeniyeni ndiye zoyenera. Ganizirani moyo umene ndodoyi ikukakhala: pa basi, pa kabaza, mu bwato, ana a kunyumba akuigwiragwira, inu mutabwerera ku Joni asuweni akuibwereka. Kumudzi kulibe wokonza ndodo ya carbon.

Ndikudziwa kuti ya telescopic, ija yolowetsana mkati nkukhala kafupi, ikukopani chifukwa imalowa mu chikwama. Ndikupemphani muileke. Mfundo iliyonse yolowetsana ndi malo ofooka, mchenga ukalowamo imakana kutuluka kapena kubwerera, mphete zake zimapotoka nkuleka kuyang'anizana, ndipo Senga Bay ndi mchenga wokhawokha. Yolumikiza pawiri ya 7ft chigawo chilichonse chimangopitirira mita imodzi pang'ono, imanyamulika bwinobwino.

Mphete zimene twaini imadutsamo anthu ambiri saziyang'ana koma ndi zimene zimadula twaini mwakachetechete. Mkati mwa mphete iliyonse muzikhala kachingelengele kosalala ka ceramic. Tengani kathonje kapena ka earbud, kazungulitseni mkati mwa mphete imodzi imodzi, makamaka ya kunsonga, ndipo thonje likakodwa penapake ndiye kuti pali mng'alu, tengani ndodo ina. Lumikizani zigawo ziwirizo nkuyang'ana kuchokera ku chogwirira, mphete zonse zikhale pa mzere umodzi.

Tifike pa reel, pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndodo yotchipa imatha kukutumikirani zaka koma reel yachabechabe imakukhumudwitsani pa nsomba yoyamba yaikulu. Ndodo ilibe chozungulira. Reel ili ndi magiya, ma bearing, sipuling'i ya bail, ndi drag, ndipo chilichonse mwa izi chikafa mwangotsala ndi ndodo.

Drag ndi chija chimene chimalola twaini kutuluka yokha nsomba ikakoka mopitirira mlingo umene mwaika. Mumaimanga kapena kuimasula ndi kachitsekerero ka pamwamba pa spool, ndipo mkatimo muli timawashala topanikizana. Ndi bango munkadziwa kuti nsomba yaikulu ikakodwa chimodzi chiduka, twaini kapena bango, pokhapokha muitsatire m'madzi. Pa reel nsomba imathawa ndi twaini koma ikukoka molemera, imatopa, inu nkuibweza, ikathawanso mumaileka, mpaka yafooka. Nchifukwa chake twaini ya makilo 6 imatha kutulutsa nsomba yolemera kuposa pamenepo. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha drag ikutulutsa mosalala. Ili ngati mabuleki a njinga ya kabaza yotsika chitunda ndi matumba a chimanga, ogwira mwadzidzidzi nkusiya nkugwiranso amagwetsa munthu, abwino amagwira mofanana mpaka pansi. Drag ya reel yachabe imakakamira kaye kenako nkulumpha, ndipo pa kukakamira kumeneko ndi pamene twaini imaduka kapena mbedza imang'amba mlomo wa nsomba. Mu shopu apempheni akulungepo twaini pang'ono, kapena yesani imene ili kale ndi twaini: mangani drag pang'ono, kokani ndi dzanja pang'onopang'ono, izituluka mofanana popanda kudumphadumpha. Mangani pang'ono kuonjezera, kokaninso, kulemera kuzikwera pang'onopang'ono osati kuchoka pa lobodoka nkufika pa gwa nthawi imodzi. Sankhani ya drag ya kutsogolo, pamwamba pa spool, chifukwa mawashala ake amakhala akuluakulu kuposa a ija ya kumbuyo.

Mlingo wake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya twaini. Nayiloni ya 0.30mm imaduka pa makilo pafupifupi 6, nde drag ikhale pa kilo imodzi ndi theka mpaka makilo 2. Kunyumba mulibe sikelo, koma botolo la malita 2 lodzaza madzi ndi makilo 2. Limangeni ku twaini yochokera pa reel mwachindunji, osadutsa mu ndodo, nyamulani, ndipo masulani drag mpaka botolo liyambe kutsika lokha pang'onopang'ono. Kokani ndi dzanja kangapo kuti dzanja liloweze kulemera kumeneko, kunyanja muzingoyesa ndi dzanja basi.

Musatengeke ndi manambala a ma bearing. Muona reel yotchipa yolembedwa 12+1 BB, yonyezimira golide, pamene ya kampani yodziwika yalembedwa 3+1 ndipo ndi yodulirapo. Ma bearing anayi abwino oikidwa pamalo oyenera amaposa khumi ndi awiri ochita dzimbiri mwezi umodzi. Chimene muyese ndi ichi: pukusani handulo pang'onopang'ono pafupi ndi khutu, isamveke kukhula kapena kugogoda. Igwedezeni handuloyo uku ndi uku, isachite lendelende. Yesani kuibweza m'mbuyo, izikana nthawi yomweyo osabwererako olo pang'ono. Tsegulani bail nkuitseka kangapo, izimveka kuti thwa molimba. Kagudumu kakang'ono ka pa bail pamene twaini imadutsa kazizungulira mukakakhudza ndi chikhadabo, kakakhala kouma twaini imapotana. Spool ikhale ya aluminium osati pulasitiki, ndipo mlomo wake ukhale wosalala wopanda kukanda. Ngati muli wamanzere musade nkhawa, handulo ya reel ya spinning imasinthika mbali.

Saizi 4000 ndaisankha chifukwa cha kuchuluka kwa twaini ndi kulemera kwake pa ndodo ya 7ft. Ya Shimano ya 4000 imalowa mamita pafupifupi 180 a 0.30mm, ndipo amenewo ndi okwanira kuponya, kufika pansi pa malo akuya ndithu, nkutsala ina yoti nsomba ithawe nayo. Ya 2500 ndi yokoma pa makumba ndi sungwa koma pa 0.30mm imalowa yochepa, ya 6000 ndi yolemera, dzanja limatopa mukamaponya spinner m'mawa wonse. Koma dziwani kuti makampani sawerenga mofanana, Okuma ina imalembedwa 40 m'malo mwa 4000, ndipo Daiwa zakale za 4000 ndi zazikulu kuposa Shimano ya nambala yomweyo, nde werengani pa spool pomwe alemba kuchuluka kwa twaini, mufune imene ikulowa mamita 150 mpaka 200 a 0.30mm. Nambala ina muiona ndi monga 5.2:1, kutanthauza kuti mukapukusa handulo kamodzi, bail imazungulira spool ka 5.2. Chilichonse pakati pa 5 ndi 6.2 ndi chabwino kwa inu, musataye nayo nthawi.

Mayina oti muyambire kuyang'ana pa ndalama zanuzo ndi Shimano Sienna kapena FX, Daiwa Sweepfire kapena Crossfire, ndi zina za Okuma ndi Abu Garcia za m'munsimu. Sizapamwamba koma ndi zoona, zimagwira ntchito imene zalonjeza. Gulani mu shopu yeniyeni ya zowedzera yopereka risiti, chifukwa mayina amenewa amakoperedwa ndipo za pa msewu zambiri dzina lokha ndiye lenileni. Simukufunika reel ya madzi amchere, nyanja yathu ndi ya madzi abwino, musalipire zimenezo.

Nanga mugule combo yomangidwa kale kapena muphatikize nokha? Zonse zimatheka. Yomangidwa kale imatsika mtengo ndipo ndodo ndi reel zimakhala zoyenerana, koma ambiri amachepetsa mtengo poikapo reel yopanda dzina. Njira yodziwira ndi yosavuta: funsani ngati reel imene ili pa comboyo amaigulitsanso payokha mu shopumo. Ngati ilipo payokha ndi dzina lake ndi bokosi lake, comboyo ndi yabwino. Ngati reelyo simungaipeze pena paliponse, phatikizani nokha. Zija zomata mu pulasitiki pamodzi ndi timbedza, tizoyandama ndi kabokosi ndi za ana, musaziyandikire. Mukaphatikiza, mangani reel pa ndodo mu shopu momwemo, onani kuti mpando wake wagwira zolimba osagwedera, kenako khazikani ndodo pa chala chimodzi kutsogolo pang'ono kwa reel. Ikakhala chopingasa kapena kuweramira kutsogolo pang'ono chabe ndiye kuti zagwirizana, ikagwera kunsonga mwamphamvu mkono uzikupwetekani.

Kagawidwe ka ndalama ine ndingachite chonchi: pafupifupi theka ku reel, gawo limodzi mwa atatu ku ndodo, zotsalazo ku twaini ndi tizida. Ambiri amathera zonse pa combo nkufika kumudzi alibe olo swivel imodzi, kachitsulo kozungulira koletsa twaini kupotana, ndipo ku Salima mbedza ndi twaini ya ukonde mupeza koma masupuni, ma swivel ndi nayiloni yabwino ya pa reel nzovuta. Zikapanda kukwana, chepetsani pa ndodo.

Twaini yobwera kale pa combo nthawi zambiri imakhala yolimba gwa, yakhalitsa pa spool nkuloweza kupindika, mukaponya imatuluka mopotanapotana ndipo siipita patali. Ichotseni. Gulani nayiloni ya dzina ya 0.30mm, mpukutu wa mamita 300 kapena 600 kuti ina itsale yosinthira, chifukwa dzuwa la kunyanja limaiwononga ndipo chaka chikatha imafunika yatsopano. Ya 0.35mm ndi yabwino ngati muziwedza kwambiri pa miyala, ingoti siiponyeka patali. Pokulunga, ivikeni kaye m'madzi, idutse pakati pa zala kapena kansalu konyowa kuti ilowe yothina, ndipo lekezani patatsala mamilimita 2 kapena 3 kufika pa mlomo wa spool. Mukadzazitsa imavuka yambiri nthawi imodzi nkukolana, mukachepetsa imakhula mlomo ndipo simuponya patali. Akuuzani za braid, ija yoluka. Ndi yabwinodi, yopyapyala, siitamuka, pakuya mumamva chilichonse, koma ndi yodula, imacheka zala mukaigwira nsomba ikukoka, pa mwala wakuthwa imaduka msanga, ndipo imafuna mfundo zake ndi nayiloni ya kutsogolo. Idikireni chaka chamawa.

Pa tizida musachulutse. Mbedza zazing'ono namba 8 ndi 10 za makumba, namba 2 ndi 1/0 za mcheni ndi sungwa pa usipa, 3/0 kapena 4/0 za kampango ndi mlamba. Mtovu wobowola pakati wa magalamu 10, 20 ndi 30, twaini izidutsa momasuka kuti kampango akatenga nyambo asamve kulemera. Ma swivel paketi imodzi, ndipo spinner kapena supuni musamaimange popanda swivel chifukwa ikamazungulira imapota twaini yonse. Masupuni awiri kapena atatu asiliva a magalamu 10 mpaka 22, a mtundu wa Effzett ndi odziwika ku Joniko, ndi spinner ya Mepps namba 3. Siliva chifukwa usipa ndi wonyezimira choncho. Nayiloni yokhuthala ya 0.45mm pang'ono yoika kutsogolo, utali wa mkono, chifukwa cha mano a mcheni ndi miyala. Kapulayala kochotsera mbedza, ndipo samalani ndi minga ya kampango ndi mlamba, imabaya moipa. Mfundo phunzirani imodzi yokha muidziwe bwino, Palomar kapena uni, pa YouTube zilipo, ndipo muziinyowetsa ndi malovu musanaikoke kuti isapse.

Ulendo wa pa basi ndi umene umapha ndodo zambiri zisanaone madzi. Katundu amatsitsidwa nkukwezedwa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Dedza kapena pa Mwanza, ndipo pamwamba pake pamaikidwa mafiriji ndi zimatumba. Pitani ku hardware mukagule paipi ya PVC ya 75mm kapena 110mm, yesani kaye ngati mphete yaikulu ija ikulowa, idulitseni motalikirapo pang'ono kuposa chigawo cha ndodo, kulungani zigawo ziwirizo mu chitenje kuti zisagundane, tsekani mbali zonse ndi zivindikiro ndi tepi. Reel ichotseni, ikhale mu chikwama cha m'manja pakati pa zovala. Risiti isungeni pafupi, pa boda imathandiza.

Mukafika, mdani wamkulu wa reel ndi mchenga. Musaigoneke pa mchenga olo mphindi imodzi, dulani kamphanda mukazike pansi muzitsamizapo ndodo. Mu bwato pansi pamakhala madzi osakanikirana ndi mchenga ndi mamba, reel isakhale mmenemo, ndipo mangani ndodo ndi kachingwe ku bwato kapena ku dzanja, chifukwa kampango akakoka inu mukuyang'ana kwina ndodo imapita yonse. Pobwera ipukuteni ndi nsalu yonyowa, osaimiza m'madzi, masulani drag posunga kuti mawashala asaphwanyike, ndipo kamodzikamodzi dontho la oyilo wa makina osokera pa kagudumu ka bail ndi pa handulo. Mafuta ophikira ayi, amauma nkumata. Zina ziwiri zimene zimawononga: kupukusa handulo pamene nsomba ikutulutsa twaini, kumene kumangopota twaini osabweza kalikonse, ndi kukoka ndi ndodo mbedza ikakodwa pa mwala. Ikakodwa lozetsani ndodo molunjika kumene kuli twaini, gwirani spool ndi dzanja, bwererani m'mbuyo, iduke twaini osati ndodo. Polimbana ndi nsomba, kwezani ndodo pang'onopang'ono osapitirira pa mutu, itsitseni mukupukusa, kwezaninso, ntchito yokoka ndi ya ndodo ndipo reel imangotolera.

Pali malire a combo imeneyi ndipo ndibwino muwadziwe. Pa madzi akuya kwambiri pamene amalume amatsitsa chingwe cha m'manja ndi mwala waukulu kufuna bombe, njira yawoyo ndi yoposa, musalimbane nayo ndi ndodo ya magalamu 40. Ndipo mukadzapita kumunsi kwa Shire, cha ku Chikwawa kunsi kwa mathithi a Kapichira kumene kuli tigerfish, ndodo ndi reel zomwezi zigwira koma muikepo waya wachitsulo kutsogolo, nayiloni amaidula ndi mano kamodzi kokha.

Popeza mukupita Disembala, pali zina zimene sindingakhale chete. Ndi nyengo ya mvula ndi ziphaliwali, ndipo ndodo imene muli carbon imadutsitsa magetsi, nde mukangomva kugunda igonekeni pansi mutuluke pa madzi, ndipo poyenda nayo yang'anani mawaya a magetsi. Mpoto umadzuka mwadzidzidzi, mverani amalume akati tibwerere, ndipo ngati mungathe onjezerani jekete yoyandamitsa pa katundu wanu. Pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango muli ng'ona ndi mvuu, musaime m'madzi kukada. Nyengo yotseka nyanja imayamba mu Novembala, nde musanaponye kaonaneni ndi a BVC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira za usodzi pa doko lanu, kapena a Fisheries, amene ali pa Senga Bay pomwepo, akuuzeni za chilolezo ndi malo oletsedwa. Zilumba za Maleri zili mu Lake Malawi National Park, ndipo m'kati mwa mamita 100 kuchokera pa gombe la pakiyo simuwedzedwa. Kampango amaswana nyengo ya mvula yomweyi ndipo makolo onse awiri amalondera ana pa chisa pakati pa miyala, kuwachotsa ndi kupereka ana onsewo kwa mbuna ndi nsomba zina. Mu 2018 a IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, anamuika pa gulu la nsomba zimene zili pa chiopsezo chachikulu chotheratu, pamodzi ndi mitundu ya chambo. Tengani wa ndiwo, ang'onoang'ono ndi amene mwawapeza pa chisa muwabweze, ndipo mpasa wokwera mtsinje kukaswana mumuleke adutse.

Tsiku loyamba musakwere bwato. Pitani pa bwalo la mpira kapena pa gombe popanda anthu, mangani mtovu wa magalamu 20 wopanda mbedza. Twaini ilendewere kunsonga utali wa mkono, ikoleni ndi chala cholozera, tsegulani bail, pititsani ndodo kumbuyo mutayang'ana kuti kulibe mwana, ibweretseni kutsogolo mosathamanga nkuchotsa chala ndodo ikangodutsa pamutu. Mtovu ukakwera kumwamba mwasiya msanga, ukamenya pansi pafupi mwachedwa. Ukagwa tsekani bail ndi dzanja osati ndi handulo, kokani twaini pang'ono ithine, kenako yambani kupukusa. Mukaona kuti kakhumi motsatizana ukugwera pamene mwafuna, mangani supuni ndi swivel yake, mawa lake m'mamawa mukayambire pa miyala.